Kuchoka pa bawo kufika pa magalasi a VR: tinafika bwanji pano?

Anzathu a m'kalabu, musanayambenso kukangana za amene amatha FIFA kuno kwa Malemia, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Gemu yakale imene ikuseweredwabe kuno ndi bawo. Dzina lake ndi la Chiswahili, bao, kutanthauza thabwa, ndipo zimenezi sizodabwitsa poti makolo a Chiyao ankachita malonda mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. Thabwa la maenje 32, nkhomo 64, basi. Koma kaimeni pa Songani muone madala akutakata: munthu amawerengera m'mutu pomwe dzanja likathere asanagwire nkhomo n'imodzi yomwe. Chinanso, thabwalo ankasema ndi anthu akonkuno. Galimoto zamawaya ndi mpira wachikulunga, chimodzimodzi, tinkapanga tokha.

Zamagetsizi zinabwera mochedwa. Sony inatulutsa PlayStation mu 1994 ku Japan, PlayStation 2 mu 2000, koma ambirife tinaziona patapita zaka, zogwiritsidwa kale ntchito, m'tizipinda toyandikana ndi vidiyo sho. Umalipira kuti usewere gemu imodzi, magetsi akazima ndalama yapita. Enafe gemu yoyamba inali kanjoka ka pa Nokia, kamene kanayamba mu 1997. Mukukumbukira kubisa foni ya amayi kuti kanjoka katalike? Musakane, tikudziwana.

Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka: tinasiya kupanga, tinayamba kulipira kuti tilowe m'dziko lopangidwa ndi ena. FIFA imene timaikondayi inayamba mu 1993, mu 2023 n'kusintha dzina kukhala EA Sports FC. Timasankha Real Madrid kapena Manchester City, pamene chigoli chimene chinatidumphitsa tonse ndi cha Gabadinho Mhango, chija anachinya Morocco ku Cameroon mu January 2022.

Tsono kwabwera magalasi a VR, ovala kumaso n'kumaona ngati uli m'kati mwa gemuyo, ukatembenuza mutu dziko lonselo n'kutembenuka nawe. Facebook inagula kampani ya Oculus mu 2014 pa madola pafupifupi 2 biliyoni, mu 2021 n'kudzitcha Meta. Quest 2 inatuluka mu 2020 pa madola 299. Muwerengere nokha m'makwacha, makamaka chigwereni ndalama yathu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye kuno gemu yatsopano imene yafika m'thumba la aliyense si VR ayi, ndi kandege kobetcha kaja, kamene ena mwa ife kawadyera ndalama ya feteleza.

Koma nkhani imene imandisowetsa mtendere ine ndi ya Pokémon Go ya mu 2016. Gemuyi imaika tizilombo pa mapu a dziko lenileni, wosewera n'kumayenda ndi foni kukatisaka. Malo okatengako zinthu anachokera pa zomwe osewera gemu ina, Ingress, anatumiza, ndiye m'mizinda anadzaza, kumidzi n'kukhala mbee. Kuyambira 2017 mapu ake amachokera ku OpenStreetMap, kumene aliyense angathe kujambulako msewu, mjigo kapena bwalo la mpira.

Tsegulani mapuwo pa foni, mufufuze Domasi. Mukapeza mseu wa M3 ndi mtsinje, yang'ananinso ngati njira yopita kwanu ilipo. Amene sanaipeze abwere ndi foni yotchaja Loweruka, tikayambire pa bwalo lathu.