Damu la Mudi ndi phiri lomwe tinameta

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga pa phunziro la History, lero ndikufuna tikambeko za damu la Mudi. Ambiri kuno ku Bangwe timangolidziwa ndi dzina, chonsecho lili kuseri kwa Ndirande pompa.

Blantyre Water Board inayamba mu 1929, nthawi imeneyo tauni ikudalira kadamu ka Hynde. Anthu atachuluka, m'zaka za m'ma 1950 anatseka mtsinje wa Mudi n'kumanga damu lalikulupo. Nalonso linachepa, ndiye m'ma 1960 anayamba kupopa madzi a mu Shire ku Walker's Ferry, kuwakweza mtunda wonse uja ndi magetsi.

Ndili mwana, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, malume ananditengera kukaona damuli. Madzi anali mbee, ndipo anthu a ndalama zawo ankayendetsapo timabwato ta matanga Loweruka. Phiri la Ndirande linali bii ndi mitengo ya paini. Mitengoyo inatha m'ma 1990, nthawi yomwe matipate ankabwera. Ena ankati ufulu wafika, nkhalango inali ya boma lakale. Ndisanamizire ena okha, ngakhale kwathu tinaphikira nkhuni zomwezo.

Phiri litayera, anthu analima chimanga mpaka m'mbali mwa madzi. Mvula ikagwa, dothi la m'mindamo limatsetserekera m'damu n'kukhazikika pansi. Kunja damu limaoneka lodzadza bwinobwino, koma malo a madzi atengedwa ndi matope. Tsono mvula yamphamvu ikabwera, madziwo amasowa pokhala, ndipo onse amathamangira potulukira ndi pa khoma lomwe lakwanitsa kale zaka 60.

Kale ndinkaphunzitsa zimenezi ngati nkhani ya mayeso chabe. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023 n'kukwirira anthu ku Chilobwe, ndinasiya kutero. Chaka chomwecho mu September, madamu awiri akale anaphulika ku Derna m'dziko la Libya, anthu zikwizikwi n'kufa usiku umodzi.

Damu la Mudi silinachite zimenezo ayi. Koma mtsinje wake umadutsa m'mafakitale a ku Makata ndi pakati pa tauni, ndipo ena mwa inu mumagwira ntchito kumunsi komweko. Teremu ikubwerayi ndikufuna nditenge a Fomu 3 akaone khomalo ndi maso awo. Mnzanga wa Geography amene angatiperekeze andiuze msanga, tiyambe kusonkha ya minibasi.