Manda a M'munda ku Yerusalemu

Manda a M'munda, odziwika m'Cingerezi kuti Garden Tomb, ali kunja kwa linga la mzinda wakale wa Yerusalemu, pafupi ndi Cipata ca Damasiko. Anapezeka mu 1867, ndipo bungwe la Akhristu a ku Britain linagula malowa mu 1894. Kuseri kwa mpanda kuli phokoso la siteshoni ya mabasi, koma m'mundamo muli bata. Alendo amapemphera, kuimba ndi kudya Mgonero wa Ambuye. Kulowa salipiritsa.

Ofukula zakale ambiri amati mandawa anasemedwa zaka pafupifupi 700 Yesu asanabadwe, pamene Yohane 19:41 amanena za manda atsopano. Conco opitako asamakakamire kuti Ambuye anaikidwa pomwepo. Malowa amatithandiza kusinkhasinkha za kuuka kwake, pakuti cikhulupiriro cathu cili mwa Khristu wamoyo.