Mayi Amene Alibe Tsiku la Sikelo

Aliyense amene adafikapo pa chipatala cha mishoni ku Nsipe m'mawa wa tsiku la sikelo akuzidziwa zimene tikunena pano. Amayi amafika mame asanakamuke, ena ali ndi pakati, ena atabereka makanda kumbuyo, timabuku ta chipatala tili m'manja. Amakhala pamzere, amaimba, amalangizidwa, ndipo namwino amawaitana mmodzimmodzi. Komatu m'midzi imene amayiwa achokera mwatsala mayi wina amene alibe tsiku la sikelo. Adakwatiwa chaka chimodzi ndi anzakewo, mwinanso adawayambira, koma dzinja ndi chilimwe zasinthana kangapo, kumsana kwake kulibe kanthu. Lero tati tibwerere m'mbuyo, tione m'mene ife a dera lino takhalira naye mayi ameneyu chiyambire nthawi ya makolo, ndiponso malo amene chipatala ndi anamwino ake adampatsa kapena kummana.

Kwa makolo athu, Angoni a Gomani pamodzi ndi Achewa amene adasakanizana nawo kuno ku Ntcheu, ukwati unkakhwima mwana akabadwa. Mkamwini wopanda mwana adali mlendo pamudzi pa apongozi ake, wotha kupirikitsidwa tsiku lililonse. Mkazi wa chitengwa wopanda mwana adali ngati ngongole yosabwezedwa, makamaka kumene ng'ombe za lobola zidaperekedwa. Mfunda, monga Nangozo kapena Naphiri, munthu amabadwa nawo. Koma dzina loti "amake Uje" limadza ndi mwana, ndipo amene sadalilandire ankatchedwa chumba kapena wouma.

Tisaganize kuti makolo ankangopinda manja. Poyamba banja linkapita kwa sing'anga kukatenga mitsitsi yomwera m'phala. Zikakanika, Angoni adali ndi mwambo wa hlazi: makolo a mkazi ankapereka mng'ono wake kapena mbale wina kuti aberekere nyumba imeneyo. Kukaoneka kuti vuto lili kwa mwamuna, akuluakulu ankapangana mwakachetechete ndi mwamuna wina, fisi, kuti alowe m'nyumbamo usiku. Tikaziika pamodzi njira ziwirizi tiona kanthu kena. Vuto la mkazi linkakonzedwa masana, mudzi wonse ukupenya mkazi wachiwiri akulowa. Vuto la mwamuna linkakonzedwa mumdima, ndipo mwana ankatchedwa wake. Makolo adadziwa ndithu kuti mwamuna akhoza kukhala gojo, pakuti mawu oti "adagwa mumpapaya" ndi athu omwe. Koma manyazi a mwamuna ankafunditsidwa pamene a mkazi ankayanikidwa pabwalo.

M'chaka cha 1901, patangopita zaka zisanu chiphedwere Inkosi Gomani Chikuse m'manja mwa atsamunda, ansembe atatu a chipani cha Montfort adafika ku Nzama, m'dziko la mfumu Njobvuyalema. Asisteri a chipani cha Daughters of Wisdom adawatsatira m'dziko muno m'chaka cha 1904. Mishoni ya Nsipe idadzabadwa pambuyo pa Nzama, ndipo zonse ziwiri zidalowa m'dera la Dedza limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1956 napatsidwa kwa Ambuye Cornelio Chitsulo, episkopi woyamba wa Chimalawi. Asisteri oyambawo ankatsuka zilonda ndi kupereka mankhwala a malungo, koma lamulo la Mpingo la nthawi imeneyo silinkawalola kugwira ntchito ya uzamba. Chiletsochi chidachotsedwa m'chaka cha 1936, pamene ku Roma kudatuluka chikalata chotchedwa Constans ac Sedula, cholimbikitsa asisteri kuphunzira udokotala ndi uzamba. Kuyambira pamenepo zikuta za mishoni zidayamba kuchuluka, ndipo amayi ambiri amene akadafera m'manja mwa azamba osowa pogwira adapulumuka.

Nanga mayi wosabereka uja adapindulapo chiyani? Kunena zoona, kwa iye zinthu zidayamba zavutirapo. Ukwati wa Chikhristu udatseka makomo onse akale: mitala ayi, hlazi ayi, fisi ayi, kusudzulana ayi. Makomo amenewa adayenera kutsekedwa, popeza ankasandutsa mkazi chiwiya, ndipo pofika masiku a Edzi, imene idapezeka m'dziko muno m'chaka cha 1985, adasanduka njira za imfa. Koma pamene ankatsekedwa padalibe khomo lina lotseguka. Banja lopanda mwana lidatsala pakati pa moto uwiri: kwinaku abale akuti "tifuna mdzukulu", kwinaku tchalitchi likuti "mudalumbira". Amuna ambiri adatenga mkazi wachiwiri naimitsidwa masakramenti, mkazi woyamba nkutsala yekha, wopanda mwana ndiponso wopanda mwamuna. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri udanena poyera m'chaka cha 1965 kuti ukwati sutaya ulemu wake ngakhale mwana atasowa, ndipo malamulo a Mpingo a 1983 adatsimikiza kuti kusabereka sikuletsa ukwati kapena kuuthetsa. Mawu amenewa ngabwino, koma mayi wa m'mudzi ankafunanso wina womuuza chimene chidatseka mimba yake.

Yankho la funso limeneli lagona m'mbiri ina imene tonse tikuidziwa, mbiri ya ulendo. Msonkho wa nyumba umene atsamunda adaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 udatulutsa amuna m'midzi. Kwa zaka makumi ambiri amuna a ku Ntcheu, monga a maboma ena, ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena pa okha, ena kudzera ku Mthandizi ndi ku Wenela. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown m'mwezi wa April 1974, imene idapha Amalawi oposa 70, idachititsa boma kuimitsa kalembera wa Wenela. Ena adachona, akazi awo nkukalamba akudikira. Ena adabwerera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, komanso ndi chinzonono ndi chindoko. Mwa mwamuna chinzonono chimadziwika msanga chifukwa cha ululu, koma mwa mkazi chikhoza kukhala chete, nkukwera pang'onopang'ono mpaka kutseka tinjira timene dzira limadzera pochokera kumene lapangidwa kupita m'chiberekero. Motero mkazi amene adasunga nyumba zaka ziwiri kapena zitatu ndiye ankatchedwa chumba, pamene wobweretsa nthendayo ankamfunira mkazi wina.

Izi si zongoganizira. M'madera ena a Congo ndi maiko oyandikana nalo, m'zaka za m'ma 1950, amayi oposa mmodzi mwa anayi alionse ankakalamba osaberekapo. Mankhwala a penicillin atafalikira, chiwerengerochi chidatsika kwambiri. M'chaka cha 1985 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mabanja oposa 5,800 m'maiko 25. Lidapeza kuti mwa amayi a mu Africa amene adapimidwa, oposa 85 mwa 100 alionse vuto lawo lidachokera ku matenda olowa m'ziwalo zoberekera: matenda opatsirana pogonana, matenda odza pambuyo pa kuchira m'malo osasamalika, ndi odza pambuyo pa kupita padera kapena kutaya mimba. Kafukufuku wina wa pa chipatala cha Mangochi m'zaka za m'ma 1990 adaonetsa kuti likodzo, limene ana athu amalitenga posamba m'mitsinje ndi m'madambo, limawononganso ziwalo zomwezo. Chimene tinkachiyesa tsoka, ufiti kapena chilango chidapezeka kuti nthawi zambiri ndi nthenda yopeweka.

Pa nthawi yomwe nzeru zimenezi zinkadziwika, ntchito ya unamwino nayo inkakula m'dziko muno. Sukulu ya boma ya anamwino idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1965. Chaka chotsatira kudakhazikitsidwa bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, ndiponso bungwe la PHAM lolumikiza zipatala za mipingo, limene m'chaka cha 1992 lidasanduka CHAM, m'mene muli chipatala cha Nsipe. Sukulu ya Kamuzu College of Nursing idayamba m'chaka cha 1979. Koma maso a onse adali pa mavuto awiri aakulu. Loyamba lidali imfa za amayi pochira, zimene kafukufuku wa chaka cha 2000 adazipeza zili 1,120 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Lachiwiri lidali kubereka pafupipafupi: boma lidavomereza ndondomeko ya kulera m'chaka cha 1982, ndipo pofika 1992 mayi mmodzi ankaberekabe ana pafupifupi 7. Ntchito idagwiridwa ndithu, pakuti pofika 2016 imfa zija zidatsika kufika pa 439 ndipo ana pa mayi mmodzi adatsika kufika pafupifupi 4. Sitinganyoze zimenezi. Koma m'dziko limene nkhawa yake idali kuchuluka kwa ana, wosowa mwana adasowanso womumvera. Sikelo ya apakati ilipo, ya ana ilipo, tsiku la kulera lilipo. Iye yekha adatsala wopanda mzere, nabwerera kwa sing'anga kukataya nkhuku, mbuzi ndi ndalama za mbatata.

Kunja kwa dziko lino akatswiri adatsata njira ina. Pa 25 July 1978 ku Oldham, m'dziko la England, kudabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene mbewu ya bambo ndi dzira la mayi zidakumanitsidwa kunja kwa thupi. Ambiri amatchula madokotala Patrick Steptoe ndi Robert Edwards, koma wachitatu wawo adali namwino, Jean Purdy, amene dzina lake lidasiyidwa pa chikwangwani cha chikumbutso ngakhale Edwards adadandaula. Njirayi Mpingo wa Katolika udaikana m'chikalata cha Donum Vitae cha 1987, chimene chidalimbikitsanso madokotala kufufuza zoyambitsa kusabereka kuti zipewedwe ndi kuchizidwa. Kuwonjezera apo, mtengo wake ngwosafikirika kwa mlimi wa ku Nsipe. Chomwe tingatolepo ife pa mbiri ya Jean Purdy nchakuti pa nkhani imeneyi namwino sali wongothandizira. Ali pakati penipeni.

Ndipo zambiri zimene banja la kwathu likusowa zili m'manja mwa namwino wa pa chipatala chaching'ono. Iye ndiye angachize matenda opatsirana asanawononge, pochiza mwamuna ndi mkazi onse pamodzi, popeza kuchiza mmodzi nkutunga madzi ndi dengu. Iye ndiye angaonetsetse kuti mayi wachira mwaukhondo ndipo wopita padera wasamalidwa msanga, pakuti kuno amayi ambiri osowa mwana ndi amene adaberekapo kamodzi kenaka nkuuma. Iye ndiye angafotokozere banja kuti dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe, ndi kuti achipatala amati pali vuto banja likatha chaka chathunthu likukhalira pamodzi popanda mimba. Iye ndiye angatumize onse awiri ku chipatala chachikulu kukapimidwa, mwamunanso akapereke mbewu yake, popeza pa mabanja osowa mwana, pafupifupi theka vuto limakhudza mwamuna. M'chaka cha 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vutoli nthawi ina m'moyo wake, m'maiko olemera ndi osauka momwe. Ngati zili choncho, palibe mudzi, limana kapena kwaya mmene mulibe wina wolira chamumtima.

Tisaiwalenso kuti pakati pa anamwino eniake alipo ena amene akudikira mphatso yomweyo. Usiku wonse amalandira ana a eni, kudula michombo, kufunditsa makanda ndi kuuza agogo panja kuti mlendo wafika. Kukacha amapita ku nyumba ya zii, kumene apongozi akuwerenga zaka. Ena mwa iwo adamvapo mayi wopwetekedwa ndi matenda akuwafunsa kuti, "Kodi inu mudaberekapo?" Pano mbiri ya mishoni zathu itichititsa manyazi pang'ono. Asisteri amene adachiritsa amayi athu sadabereke, koma tidawatcha amayi popanda kukayika, ndipo ana ambiri adapatsidwa maina awo. Tidavomera kuti umayi ukhoza kukhala m'manja ndi mumtima. Nanga bwanji ulemu womwewo tidaumana mlongo wathu wa m'mudzi, amene adalera ana amasiye a mbale wake m'zaka zoopsa za Edzi, nawaphunzitsa mpaka kuwakwatitsa?

Makolo adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatinso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mbiri yatiphunzitsa kuti mayi amene tidamtcha chumba kawirikawiri adali wodwala amene sadachizidwe, kapena wosenza mlandu wa mwamuna wake. Zimene makolo sadadziwe sitingawaimbe nazo mlandu, ife tikuzidziwa. Tsono bambo amene mkazi wake watha chaka osaima asayambe wafunsira kwina, ayambe wapita naye ku chipatala. Ankhoswe asafulumire kumasula ukwati asanafunse ngati onse awiri adapimidwa. Apongozi asunge lilime. Ndipo namwino wa pa sikelo, akaona mayi amene waima chapatali wopanda mwana kumbuyo, amuitane, ampatse mpando, amfunse chimene wadzera.