Router si ya TikTok yokha: momwe makina a madzi ndi magetsi amalankhulirana

Ambirife router timaidziwa ngati kabokosi kogawa WiFi, kaja timakakwiyira bandulo ikatha. Koma anzanga, kabokosi kameneka kali ndi abale ake m'mafakitale, ndipo ntchito yawo imakhudza madzi ndi magetsi amene amadutsa kwathu kuno ku Chileka ndi Lirangwe. Tiyeni ndikufotokozereni bwinobwino.

Kodi router imachita chiyani?

Netiweki ndi gulu la makina olumikizidwa kuti azitumizirana uthenga. Makina aliwonse amakhala ndi nambala yakeyake yotchedwa IP address. Makina a pamalo amodzi amalumikizidwa ndi switch, pomwe router imalumikiza netiweki ya malo ena ndi ya malo ena. Imawerenga komwe uthenga ukupita n'kuusankhira njira. Ili ngati woitanira wa pa siteji ya Lirangwe amene amakuuza kuti ya ku Zalewa ndi iyi, ya m'tauni ndi iyo.

Router ya m'fakitale imakhala yolimba kuposa ya kunyumba. Imapirira kutentha, fumbi ndi kunjenjemera kwa makina. Zambiri zimalowa ma SIM awiri, moti TNM ikavuta imasinthira yokha ku Airtel, uthenga osaima.

Chitsanzo chili pakhomo pomwe

Madzi ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry. Blantyre Water Board imawapopa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza chitunda cha mamita pafupifupi 800, ndipo malo opoperapo kachiwiri ali kuno ku Chileka. Ndiye taganizani: mapampu a ku Shire, a ku Chileka ndi mathanki a m'tauni ayenera kuyendera limodzi. Kumunsi akapopa kwambiri kumtunda kutaima, thanki imasefukira. Pampu ikazungulira popanda madzi, imapsa.

Pa ntchito ya mtundu uwu, dongosolo lamakono limakhala ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi sensor, kachipangizo koyeza kuchuluka kwa madzi m'thanki kapena mphamvu yake m'paipi. Chachiwiri ndi PLC, kakompyuta kolimba kamene kamayatsa ndi kuzimitsa pampu malinga ndi zomwe sensor yanena. Chachitatu ndi router, yonyamula uthengawo kudzera pa fiber, pa wailesi kapena pa SIM. Chachinayi ndi SCADA, pulogalamu imene imaonetsa injiniya zonsezi pa kompyuta imodzi, iye ali kutali.

Kumagetsi nakonso

Magetsi a ku Nkula ndi Tedzani amapangidwa ndi EGENCO, ndipo ESCOM ndi imene imawagawa. Pakati pa 2013 ndi 2018, dziko la America kudzera ku Millennium Challenge Corporation linaika madola 350.7 miliyoni pa ntchito za magetsi m'Malawi. Mwa zina, anakonzanso Nkula A komanso anaika SCADA yothandiza ESCOM kuona momwe magetsi akuyendera m'masiteshoni ake. ESCOM ilinso ndi fiber yodutsa limodzi ndi nthambo zake zikuluzikulu.

Phindu lake n'lotani?

Vuto limadziwika msanga, osadikira kuti munthu akwere galimoto kukaona. Mota ikayamba kutentha mopitirira, amaikonza isanapse. Kuyerekeza madzi olowa m'paipi ndi otuluka kumaulula pamene pakudontha. Ndipo si za makampani akuluakulu okha ayi. Ngakhale mlimi wa pampu ya sola kapena mwini chigayo pa Lirangwe atha kuika router ya SIM n'kumaona pafoni maola amene makina ake agwira ntchito. Za "bwana, lero kunalibe anthu" zimachepa.

Koma pali posamala

Makina akalumikizidwa, wakuba safunikanso kulumpha mpanda. Mu Disembala 2015 ku Ukraine, akambelembele analowa m'makompyuta a makampani ogawa magetsi n'kuthimitsira anthu oposa 200,000. N'chifukwa chake router ya m'fakitale imakhala ndi firewall yotchinga alendo, ndipo netiweki ya makina siisakanizidwa ndi WiFi ya mu ofesi. Password yobwera ndi router kuchokera kusitolo iyenera kusinthidwa tsiku lomwelo. Izi n'zoona ngakhale pa MiFi yanu.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Choyamba, amene amadula nthambo poganiza kuti apezamo kopa adziwe kuti mkati mwa fiber muli galasi lopyapyala ngati tsitsi. Wogula zitsulo sangakupatse kanthu, koma dera lonse likhoza kuvutika. Chachiwiri, apa pali ntchito. Makina amenewa amafuna munthu wodziwa magetsi ndi netiweki pamodzi. Za magetsi amaphunzitsa ku MUBAS ndi ku Soche Technical College, ndipo pulogalamu ya Cisco yotchedwa Packet Tracer ndi yaulere: umamanga netiweki yoyeserera pa laputopu osagula router ngakhale imodzi. Bandulo ya sabata ino, patulaniko pang'ono muyese zimenezo.