Coolant mu giyabokosi: zoyenera kudziwa wogula galimoto ya SUV yakale

M'mbali mwa mseu wa Great East, kucokera ku Northmead kulowera ku Chelstone, muli malo ambiri ogulitsirapo magalimoto amene anagwirapo kale nchito m'maiko ena. Ambiri mwa magalimotowa amacokera ku Japan, natsikira padoko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde. Wogula amayang'ana penti, mataya, mapepala ndi kulira kwa injini. Koma pali vuto lina lobisika limene lingathe kupha giyabokosi ya otomatiki patangopita masabata ocepa galimoto itagulidwa. Vutoli ndi kusakanizika kwa coolant ndi mafuta a giyabokosi ochedwa ATF.

Mmene vutoli limayambira

Giyabokosi ya otomatiki imatentha kwambiri, motero mafuta ake afunika kuziziritsidwa. M'magalimoto ambiri, mafutawa amatuluka m'giyabokosi ndi kudutsa m'kathanki kacitsulo kamene kali m'kati mwa rediyeta, kozunguliridwa ndi coolant. Cimene cimalekanitsa ziwirizi ndi khoma lopyapyala la citsulo ndi mphira zotsekera. Khomalo likang'aluka kapena likadyeka ndi dzimbiri, ATF imalowa m'rediyeta. Injini ikazimitsidwa, mphamvu ya m'mapaipi a giyabokosi imagwa, pamene rediyeta imakhala ikali yotentha, ndipo apa coolant imakankhidwira m'giyabokosi.

Zotsatira zake zimakhala zazikulu. Mbale za kilachi za m'kati mwa giyabokosi zili ndi cikuto conga pepala, comatidwa pacitsulo. Madzi ndi mankhwala a glycol a mu coolant amafewetsa cikutoco mpaka cimasendeka. Zitsulo zimacita dzimbiri, tinjira ta mafuta timatsekeka, ndipo zipangizo zamagetsi zosinthira magiya zimaleka kugwira nchito bwino. Mafuta amene anali ofiira ndi oyera amasanduka a pinki, okhuthala ngati mkaka wosakaniza ndi zipatso.

Magalimoto amene anachuka ndi vutoli

Nkhani yodziwika kwambiri inacitika ku America ndi magalimoto a Nissan Pathfinder, Xterra ndi Frontier opangidwa kuyambira 2005 kufika 2010. Madandaulo atacuruka, mu 2010 kampaniyo inatalikitsa walanti ya rediyeta kufika zaka 8 kapena mamailosi 80,000. Mu 2012, potsatira mlandu umene eni magalimoto anakasuma pamodzi kukhoti, walantiyo inafika zaka 10 kapena mamailosi 100,000, amene ndi makilomita pafupifupi 160,000, ngakhale kuti eni ake ena anayenera kulipirako mbali ya ndalama zokonzetsera. Nthawi ya walantiyo inatha kale. Frontier ndi galimoto imene kuno imadziwika ndi dzina lakuti Navara.

Eni magalimoto a Toyota 4Runner a zaka za 1996 kufika 2002 nawonso anakumana ndi vuto lofanana, maka-maka rediyeta ikakalamba. Galimoto imeneyi ku Japan inagulitsidwa ndi dzina lakuti Hilux Surf, ndipo ikali kuyenda m'miseu ya Lusaka. Komabe vutoli si la kampani imodzi ai. Galimoto iliyonse imene ATF yake imadutsa m'rediyeta ingathe kukumana nalo.

Zina za kuno zimakulitsa ngoziyi. Madzi ambiri a mu Lusaka amacokera pansi pa miyala ya laimu, ndipo akathiridwa m'rediyeta m'malo mwa coolant amasiya zoyangayanga ndi kufulumizitsa dzimbiri. Kutentha kwa mwezi wa October, kuima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto, ndiponso kukoka katundu wolemera, zonsezi zimatopetsa rediyeta ndi giyabokosi yomwe.

Zoyenera kupima asanalipire

Wogula ayenera kufika injini ili yozizira. Kutsegula cotsekera ca rediyeta injini ili yotentha n'koopsa, cifukwa madzi owira angathe kumuocha. Injini itazizira, ayang'ane kunsi kwa cotsekeraco ndi m'botolo la coolant. Ngati muli mafuta oyandama kapena phala la pinki kapena lofiirira, cimeneco ndi cizindikiro coipa.

Kenaka ayang'ane ATF. Asolole kamtengo koyezera mafuta ndi kudonthezera papepala loyera. Mafuta abwino amaonekera bwino kuwala kukadutsamo. Akakhala ngati mkaka, a thovu, kapena odzaza kupitirira cizindikiro, zingatanthauze kuti mwalowa madzi. Magalimoto ena alibe kamtengoka ndipo ena kamamangidwa ndi bauti, motero pafunika makanika woti atengeko mafuta pang'ono.

Mafuta atsopano kwambiri nawonso ndi ofunika kufunsapo. Rediyeta yatsopano pamodzi ndi ATF yongothiridwa kumene zingatanthauze kuti mwini wake anateteza galimoto yake pasadakhale, koma zingatanthauzenso kuti vuto linacitika kale ndipo langobisidwa. Wogula apemphe malisiti oonetsa tsiku ndi cifukwa cimene rediyetayo inasinthidwira.

Kuyesa galimoto mozungulira m'komboni kwa mphindi zisanu sikukwanira. Iyenera kuyendetsedwa kufikira itatentha bwino, pamseu umene ingathe kulowa magiya onse. Kunjenjemera ngati ikudutsa pa timahampu, kucedwa kulowa giya, kugunda posintha giya, kapena injini kulira kwambiri liwiro lisakuonjezeka, ndi zizindikiro zakuti giyabokosi yayamba kudwala. Pepala la fitinesi la RTSA silikutsimikizira za giyabokosi, cifukwa mayeso amenewo amaona maka-maka za citetezo ca pamseu monga mabuleki, magetsi ndi mataya.

Vuto likapezeka

Ngati galimoto ikali ya wogulitsa, canzeru ndi kuisiya, kapena kucotsa pamtengo wake ndalama zogulira rediyeta ndi kukonzetsa giyabokosi yonse. Ngati yagulidwa kale, isayendetsedwenso, koma ikokedwe kupita kugalaji. Vuto likagwidwa msanga, kusintha rediyeta ndi kutsuka giyabokosi kangapo ndi ATF yoyenera nthawi zina kumathandiza. Mbale za kilachi zikayamba kusendeka, kutsuka sikubweza kanthu, ndipo giyabokosi iyenera kuphwasulidwa kapena kusinthidwa.

Pofuna kupewa, eni magalimoto akale amasintha rediyeta isanaonongeke, ndipo ena amaika coziziritsira ATF capadera kutsogolo kwa rediyeta kuti mafuta asadutsenso m'madzi.

Amene wagula kwa wamalonda ndipo aona kuti anabisiridwa vuto angathe kukadandaula ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe logwira nchito pansi pa lamulo nambala 24 la 2010. Dandaulo limakhala ndi mphamvu ngati pali lisiti, cipangano colembedwa cofotokoza mmene galimoto inalili pa tsiku logula, ndiponso lipoti la makanika.