Manyowa a zinyalala: zofunika kudziwa musanayambe bizinesiyi ku Malingunde, Mitundu ndi Nathenje

Msika ukabalalika pa Mitundu kapena pa Nathenje, pansi pamatsala makoko a nthochi, masamba a kabichi, tomato wophwanyika ndi zotsala za m'malesitilanti. Zonsezi zikawola bwino zimasanduka manyowa a kompositi, amene alimi a m'madimba akuwafuna chifukwa feteleza wakwera mtengo, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Bizinesiyi si yachilendo mu Lilongwe muno: amayi a ku Mtandire anakhala akupanga kompositi kuchokera ku zinyalala za m'dera lawo n'kumagulitsa ku Four Seasons, komwe amagulitsa maluwa ndi mbande.

Zofunika poyamba

Mpamba wake si waukulu. Pamafunika malo a mthunzi pafupi ndi madzi, wilibala kapena ngolo, mafosholo, khasu, sefa, matumba ndi magolovesi. Za malo kambiranani ndi amfumu, za zinyalala kambiranani ndi komiti ya msika. Mulu usakhale m'mphepete mwa mjigo, chitsime kapena mtsinje. Ku Malingunde izi n'zofunika kwambiri popeza madamu a Kamuzu, pa mtsinje wa Lilongwe, ndiwo amamwetsa mzinda.

Kusankha zinyalala

Apa m'pamene bizinesi imayima kapena kugwa. Majumbo, mabotolo, magalasi ndi mabatire siziwola, ndipo mlimi akapeza jumbo m'thumba sabweranso. Ndi bwino kupempha ogulitsa kuti aziponya zowola m'dengu lakelake kusiyana n'kudzatola pamulu. Nyama, mafupa ndi mafuta musayikemo, zimaitana agalu, makoswe ndi ntchentche.

Kapangidwe

Zinyalala za pamsika n'zamadzi kwambiri, pazokha zimangonunkha. Zisanjikeni mosinthana ndi zouma monga mapesi oduladula, makoko a mtedza ndi udzu, kenaka ndowe kapena zitosi, n'kuwaza madzi. Mulu ukhale wotalika ndi wotambalala mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Chinyezi chake n'choti mukafinya m'manja madzi asachite kuchucha. Zikani ndodo pakati: ikatuluka yotentha pakapita masiku angapo, ndiye kuti zikuyenda. Kutenthako kukafika madigiri 55 kumapha mbewu zambiri za udzu ndi tizilombo.

Njira zimene alangizi amaphunzitsa ndi monga ya padzenje, chimato (mulu womatidwa ndi dothi) ndi changu (wotembenuzidwa pafupipafupi kuti upse msanga). Mulu wotembenuzidwa umapsa pa miyezi iwiri kapena itatu. Manyowa akupsa amakhala akuda, ozizira, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Musawasokoneze ndi Mbeya, amene amasakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kumanga m'thumba masiku 21.

Kuwerengera ndi kugulitsa

Dziwani kuti mulu umaphwa mpaka theka, nthawi zina kuposa pamenepo. Ndiye mtengo wa thumba muuwerengere pa zimene zatuluka, osati zimene munatuta, mutaphatikiza ya ngolo, ya aganyu ndi ya matumba. Chimadya phindu kwambiri ndi thiransipoti, choncho wogula wapafupi ndi amene ali wabwino.

Ogula amabwera nyengo ziwiri. A m'madimba ndi a nazale za mitengo amagula m'chilimwe, pomwe a minda ya chimanga amafuna manyowa asanabzale ndi mvula yoyamba ya November kapena December. Ofuna msika wachiwiriwu asanje milu pofika July kapena August. Kuchedwa ndiye basi, katundu agona chaka.

Ngati muli gulu, lembani zonse m'buku: amene wagwira ntchito, matumba otuluka ndi ngongole. Uzani ogula zoona, kuti kompositi amakonza nthaka pang'onopang'ono ndipo amathandiza kusunga chinyezi, sagwira msanga ngati urea. Kuti muone kapangidwe ndi maso, funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.