Phiri la Bunda ndi Tsiku Lalitali la Chaka

Pa 21 kapena 22 Disembala dzuwa limafika kumapeto kwa ulendo wake wopita kummwera. Tsiku limenelo ndilo lalitali koposa onse kuno kwathu, ndipo ku Lilongwe usana umatenga pafupifupi maola 13. Ku Ulaya tsiku lotere limadza mu Juni. Anthu a ku Sweden amavala nkhata zamaluwa navina kubwalo, ndipo ku England makamu amachezera pa miyala yakale ya Stonehenge kudikira kutuluka kwa dzuwa. Iwo ali ndi chifukwa chosangalalira, pakuti amakhala miyezi yambiri m'chisanu ndi mdima.

Makolo a ku Mitundu ndi ku Nathenje analibe phwando lotere. Tsikulo linkawapeza ali weramu m'munda, akupalira chimanga. Dzuwa limene ankaliopa linali la kumapeto kwa Okutobala, pamene limadutsa paliwombo penipeni, zitsime zitaphwa ndi msipu utapserera. Munthu amene wapsa ndi dzuwa lotere sangalivinire ayi. Chimene Achewa ankachiyang'anira kumwamba ndi mitambo.

Mitamboyo ikachedwa, kapena mvula ikadula mmera uli wanthete, maso a anthu ankatembenukira ku phiri la Bunda, thanthwe lalikulu loonekera patali m'chigwa chonsecho. Kumeneko kunali kachisi wa Chisumphi, mwini mvula. Kachisiyu anali pachibale ndi wamkulu wa ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kumene kunkakhala Makewana, mayi wa anthu onse. Makewana sankameta tsitsi, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti kulimeta kunali kumeta mvula. Ankatumikiridwa ndi akazi otchedwa matsano, ndipo ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri ndiyo inkaitana anthu kunsembe. Nsalu ndi ziweto zoperekedwa zinkayenera kukhala zakuda bii, monga mtambo wolemedwa ndi madzi. Apa pakuoneka nzeru ya makolowo: ankapempha poonetsa chifanizo cha chinthu chimene ankachifuna.

Pempho la mvula silinali la munthu mmodzi. Mafumu ankasonkhetsa mphatso m'midzi, ndipo anthu ankadzifunsa ngati panali mwambo umene unaswedwa kapena mkangano umene unasiyidwa osauthetsa. Chilala chinkatengedwa ngati mlandu wa dziko lonse.

Cha m'ma 1870 Angoni anasakaza Msinja, ndipo mphamvu ya akachisi inayamba kuchepa. Mipingo yachikhristu itafika, ambiri analeka kupereka nsembe. M'chaka cha 1967 ophunzira anayamba maphunziro a zaulimi pa koleji ya Bunda, m'tsinde mwa phiri lomwelo, imene lero ili gawo la yunivesite ya LUANAR. Pamalo pamene mvula inkapemphedwa ndi mbuzi yakuda, tsopano imayezedwa m'mamilimita.

Komabe njira yokwera phirilo sinamere udzu. Ophunzira amalikwera pofuna kupitidwa mphepo ndi kuona minda yobiriwira kufikira ku Dzalanyama. Akhristu a mipingo yosiyanasiyana nawonso amakwera ndi mabaibulo awo, ena nagona komweko pathanthwe, akusala kudya. Mvula ikadula mu Disembala, chimanga chitayamba kufota masamba, pakati pa zimene amapempha pamakhalanso mvula.